Mbali Imene Ababa Amaima

Anamwino anatipatsa mpaka Lachisanu. Ananena mosapsatira mawu, ataima pakhomo la khitchini, nsapato zawo zikudonthetsa madzi a chipale chofewa pansi pomwe ndinali nditangokolopa. Anati akadzabweranso adzazimitsa dala makina opatsa Amayi mpweya, ndipo Ababa adzayenera kuwasamutsira ku botolo la mpweya paokha, popanda wowauza chochita, mphindi zitatu zisanathe. Akadzalephera, anamwinowo adzalemba kuti anthu awiriwa sangakhale okha pafamu nyengo yozizira ino.

Sindinawaimbe mlandu anamwinowo, a Dimaano. Kuno kwathu magetsi amathima nthawi iliyonse imene chipale chalemera pamawaya, ndipo msewu wochokera kutauni ya Dauphin umatha kutsekeka tsiku lathunthu. Mapapo a Amayi anatopa kalekale. Makina akaima, iwo amapirira mphindi zochepa chabe, kenako milomo imayamba kuda. Koma chomwe chinandinyamula mtima n'chakuti mchimwene wanga Orest anali atapeza kale malo kunyumba yosungirako okalamba m'tauni, ndipo malowo anali a munthu mmodzi. Amayi akanapita kumeneko, Ababa n'kukakhala m'chipinda chapansi kwa Orest ku Brandon. Anthu amene agona bedi limodzi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, awagawe ngati ziwiya za pamaliro.

Ndinawauza anamwino kuti asadandaule, imeneyi ndi ntchito yanga. Ndinanena monyada ndithu, ndipo Amayi anandiyang'ana mwa m'mbali monga amachitira ndikayamba kudzimva.

Kunyadako kunali ndi pochokera. Ine Lesia Hrynkiw ndalemba mabuku a malangizo zaka makumi awiri ndi zinayi pakampani ina ya ku Winnipeg yopanga makina oumitsira tirigu. Amisiri amandibweretsera masamba khumi odzaza ndi mawu otalika ngati njanji, ine n'kuwabwezera tsamba limodzi ndi chithunzi. Chiganizo chimodzi, ntchito imodzi. Chenjezo liyambe, ntchito itsatire. Pachithunzi uchotse chilichonse chomwe si makina: khoma, tebulo, mthunzi, ngakhale munthu, ungosiyapo dzanja ndi muvi. Alimi ambiri ali ndi zala zawo zonse khumi chifukwa cha masamba anga, ndipo sindichita manyazi kutero. Botolo la mpweya lokhala ndi zopotokola zitatu linali ngati masewera kwa ine.

Lachiwiri ndinalephera kukhala pansi. Ndinadzuka, ndinatsuka mbale zotsukatsuka, ndinasuntha mipando, ndinabwezeranso. Kenako ndinapempha Amayi kuti apite kukagona pang'ono, ine n'kukhala pampando wawo wa pawindo, botolo lili patsogolo panga pa kangolo kake. Pamwamba pake pali kiyi wotsegulira. Kutsogolo kuli kawotchi kokhala ndi singano yosonyeza mpweya wotsala. Kudzanja lamanja kuli kagudumu kakuda ka manambala, kamene Amayi amafunika kakhale pa 2. Kumanzere kuli bawuti yakudanso yomangira zonsezi pabotolo, imene munthu sayenera kuikhudza n'komwe. Ndinajambula bwinobwino, mizere yokhuthala, zilembo zazikulu ngati za pachikwangwani cha sitolo, popeza diso lamanzere la Ababa lili ndi ng'ala. Ntchito zinayi zokha. Tsegulani kiyi. Onani singano. Potokolani kagudumu ka kumanja mpaka pa 2. Lumikizani kapaipi. Nditamaliza ndinaliika patali n'kuliyang'ana, mtima unati myaa.

Kuntchito kwathu tili ndi lamulo limene anatisiyira malemu a Thorvaldson, amene anandilemba ntchito. Tsamba lisanapite kosindikiza, timaitana munthu amene sanagwirepo makinawo, kaya ndi dalaivala, kaya mayi wa kukantini, n'kumupatsa pepalalo kuti achite zomwe likunena. Wolembayo amakhala pambali, atakhalira manja ake. Kukhalira kwenikweni, zikhatho pansi pa ntchafu, pakamwa potseka. A Thorvaldson ankati buku likapita kwa mlimi iwe supita nalo, ndiye uzolowere kukhala chete. Achinyamata obwera kumene amaseka lamuloli mpaka tsiku loyamba limene aona munthu akutembenuza pepala lawo chadodolido.

Lachitatu m'mawa ndinawafotokozera Ababa lamulolo. Anaseka n'kuuza Amayi kuti ndi bwino tsikuli lilembedwe pakalendala, chifukwa chibadwire mwanayu sanakhalepo chete mphindi zitatu. Amayi anati ngati ndapirira adzandiphikira msuzi wa bitiruti wa kirimu wambiri. Ndinakhalira manja pampando wa pakona, maso pa zala za Ababa, monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinazula waya wa makina ndi phazi. Makina analira kulira kwake koboola m'makutu kuja.

Ababa ananyamuka mwachangu kuposa mmene ndinkayembekezera kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu mphambu ziwiri. Anatenga pepala, anawerenga milomo ikugwedera, anatsegula kiyi. Anayang'ananso pepala. Kenako dzanja lawo lamanja linatsika n'kugwira bawuti, n'kuipotokola ndi mphamvu za munthu amene wamasula matayala a thalakitala moyo wake wonse.

Mpweya unatuluka mwaukali ngati tayala laphulika. Galu anathawira kunsi kwa tebulo. Ine ndinalumpha, manja, lamulo, a Thorvaldson, zonse zitaiwalika, n'kukankha Ababa pambali kukatseka kiyi. Ndinabwezera waya wa makina pakhoma. Ndipo ndinakalipa. Sindibisa, ndinawakalipira bambo anga ngati mwana wasukulu. Ndinawafunsa ngati anawerenga n'komwe, ndinawalozera muvi wanga waukuluwo, ndinati ngakhale mwana wa kalasi yoyamba akanaona. Iwo anapinda pepala lija mosamala, analiika patebulo, anavala chipewa n'kutuluka kukadyetsa nkhuku zomwe anali atadyetsa kale.

“Msuzi waphonya,” anatero Amayi atapeza mpweya. Sanamwetulire.

Masana Orest anaimba foni. Ndinamuuza kuti zonse zikuyenda bwino, iye n'kunena kuti mawu anga akumveka ngati a munthu amene zinthu sizikumuyendera. Anati ndisamale, ndisaike moyo wa Amayi pachiswe pofuna kupambana mkangano, popeza malo a m'tauni sadikira munthu. Ndinamudula foni. Chomwe chinandiwawa n'chakuti sanalakwe kwenikweni. Orest si munthu woipa, ndi wamantha chabe, ndipo tsiku limenelo mantha akewo ndinali nawo inenso. Ndinayenda kuchoka pakhomo kukafika pamsewu kawiri, mphepo ikundiluma makutu, ndikudzifunsa ngati Ababa nzeru zayamba kuthawa. Ganizo limenelo linali lopepuka kulisenza kusiyana ndi linzake, lakuti mwina cholakwa chili papepala.

Ndinachita chimene mlembi aliyense wouma mutu amachita: ndinawonjezera. Ndinazunguliza bawuti ya kumanzere ndi cholembera chofiira, n'kuidula pakati, n'kulembapo kuti MUSAKHUDZE. Muvi wa kumanja ndinaukulitsa mpaka unakhala ngati mkono. Ababa atabwera kudzamwa tiyi ndinapepesa mwachidule, mopanda ulemu wokwanira, iwo n'kungogwedeza mutu uku akuviika buledi m'kapu.

Lachinayi tinayesanso, chipale chikugwa pang'onopang'ono kunja. Ndinakhalira manja mpaka zala kuchita dzanzi. Makina analira. Ababa anatsegula kiyi, anayang'ana pepala, anayang'ana botolo. Dzanja linapita kumanja, linakhudza bawuti, linabwerera msanga ngati lagwira mbaula, popeza anakumbukira za dzulo. Linapita kumanzere, pa kagudumu kenikeni kamene kamafunikako, mtima wanga n'kudumpha. Koma anayang'ananso pepala n'kuchotsapo dzanja. Anaima kakasi, manja onse awiri ali m'mwamba, maso akuchoka papepala kupita kwa Amayi, kubwereranso papepala. Wotchi ya pakhoma inkangodya mphindi. Itakwana yachitatu ndinabwezera waya.

Ulendo uno sindinakuwe, koma mkwiyo unalipo. Ndinawalanda pepala n'kuwauza kuti asunthe ndiwaonetse kamodzi kokha, aone ndi maso. Anasuntha. Ndinaima pomwe anaimapo, pamkeka pomwe panali patapondekapondeka ndi mapazi awo, ndinakweza pepala, ndinawerenga mzere wachitatu mokweza ngati mphunzitsi, ndipo dzanja langa lamanja linatsika lokha n'kukagwira bawuti.

Ndinaima choncho, chitsulo chozizira chili m'manja. Kawotchi sikankaoneka. Kagudumu kanali kumanzere. Kumene ndinalemba kuti MUSAKHUDZE n'kumene kunali chofunika kukhudza. Ine ndinajambula botolo nditakhala pampando wa Amayi, moyang'anizana ndi nkhope yake, monga timajambulira makina onse kuntchito. Ababa amaima kuseri kwake, botolo lili pakati pa iwo ndi Amayi. Masiku awiri onsewo munthuyu sanalakwitse chilichonse. Anamvera pepala langa mzere ndi mzere, ndipo ndi pepalalo limene linawasocheretsa. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndikuyang'ana zala za anthu, sindinaganize zoyang'ana pamene pali mapazi.

Manyazi anandigwira, ndipo munthu wamanyazi amafulumira kufuna njira yachidule. Ndinati basi nkhani yaphweka, Ababa azizungulira n'kuima mbali ya kawotchi, pafupi ndi mpando.

“Ayi,” anatero Ababa. Aka kanali koyamba kundikaniza chinthu sabata yonseyo. “Ndikaima uko ndiye kuti amayi akowa ndawapatsa nkhongo. Ine ndimayang'ana milomo yawo. Botolo silifa, mwana wanga.”

Ndinati ndiye titembenuze botololo, kawotchi kaloze kwa iwo. Apa ndi Amayi amene anakana. Anati singano imeneyo amawerenga ndi iwo, kuyambira tsiku limene botolo linalowa m'nyumba muno. Nkhalambayi, anatero akuloza Ababa ndi chibwano, singaone singano ngakhale utaipaka utoto, imangoona ndikalakwitsa kuthira mchere. Ababa anayankha kuti mcherewo sasowa maso, lilime limakwana. Anayamba kunyogodolana pamaso panga ngati kuti palibe chimene chachitika, ine nditaima pakati ndi pepala langa lokongola.

Ndipamene anandiuza zomwe sanauzepo ine kapena Orest. Mwezi wa Malichi magetsi anathima masana, ndipo anasamutsa okha. Amayi ankanena chochita, Ababa n'kumachita. Zinayenda, koma mochedwa, chifukwa mpweya wa Amayi unkathera m'kulankhula, ndipo pofika kumapeto mawu sankatulukanso. Kuyambira pamenepo Ababa sachotsa maso pankhope ya Amayi makina akalira. Ine ndinalembera munthu mmodzi, pamene ntchitoyi amaigwira awiri. Ndipo chinthu choyamba chimene ndinafufuta pachithunzi, potsata mwambo wathu wochotsa zosafunika, chinali Amayi.

Ndinakwinya pepala lija n'kuliponya m'dengu la zinyalala. Ndinabweretsa kampando ka kukhitchini, ndinakaika pomwe Ababa amaima, n'kukwerapo ndi maondo kuti maso anga afanane ndi awo msinkhu. Ndinajambula kumbuyo kwa botolo, kopanda kawotchi, kopanda dzina la kampani, konyansa ndithu. Kagudumu kumanzere. Bawuti ndinaikulunga ndi tepi yofiira ya pamawaya kuti isafanenso ndi china chilichonse, ndipo pachithunzi ndinaipaka kufiira komweko. Kuseri kwa botolo ndinajambula mpando, windo, ndi Amayi atakhala, timachubu tili m'mphuno. Sindidziwa kujambula nkhope. Amayi ataona anati ndawasandutsa mbatata yovala magalasi, ndipo ngati anamwino aona zimenezi awatengera kuchipatala pompo.

Mawu ndinawasinthanso. Mzere wachiwiri sunatinso onani singano. Unatchula Amayi dzina lawo: Funsani Nettie ngati singano ili pobiriwira. Kuti Amayi asawononge mpweya polankhula, tinagwirizana kuti azingokweza chala chachikulu. Wachitatu unati: Dzanja lamanzere, kagudumu, kugunda kanayi, popeza kamagunda pa theka lililonse la nambala ndipo Ababa amamva kugundako m'zala. Ku Winnipeg tsamba lotere sakanalilola kudutsa pakhomo. Muli dzina la munthu, muli nkhope, muli windo. Tinayesa kawiri madzulo asanafike, ndipo kachiwiriko ndinakhalira manja mpaka kumapeto. Koma mtima sunakhazikike. Kuyesa pamaso pa mwana wako n'kwina, pamaso pa munthu wonyamula cholembera n'kwinanso.

Lachisanu a Dimaano anafika mochedwa chifukwa cha msewu, ndipo ola lodikiralo ndinaliyenda lonse pakati pa windo ndi chitofu mpaka Amayi anandiuza kuti ndikuwachititsa chizungulire. Orest anaimba kawiri, sindinayankhe. Anamwino atalowa anayang'ana pepala lomwe ndinalimata pakangolo, mbali ya Ababa, anakweza nsidze poona mbatata ya magalasi ija. Anatulutsa wotchi. Anandifunsa ngati ndingakonde kudikira kukhitchini. Ndinati ayi, ndili ndi pokhala, n'kukhalira manja anga pakona.

Makina analira. Ababa anaima pamalo pawo. Kiyi. Anakweza maso, Amayi anakweza chala. Dzanja lamanzere linapeza kagudumu, ndipo m'chipinda munali zii moti kugunda kunamveka: kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Kenako kapaipi kanawapulumuka m'manja n'kugwa pansi, kuseri kwa gudumu la kangolo. Ndinamva thupi langa likunyamuka lokha. Ndinadzikanikiza pampando, ndinaluma mlomo mpaka kulawa magazi. Ababa anawerama pang'onopang'ono, bondo likulira, dzanja likufufuza pansi, koma maso ali pa Amayi. Anakapeza. Anakalumikiza. Amayi anakoka mpweya wautali n'kunena kuti Ababa akanakhala ofulumira chonchi tsiku lodzawafunsira ukwati, bwenzi atakwatirana chaka chimodzi m'mbuyo.

Mphindi ziwiri ndi masekondi makumi anayi. A Dimaano analemba kuti adzabweranso Januwale kudzaonanso, ndipo anapempha kujambula pepala lija pafoni yawo. Ndinamutumizira Orest uthenga wa mawu awiri okha akuti Ababa akhoza, ndipo iye anayankha kuti wasangalala, ndikukhulupirira kuti ankanena zoona.

Nditaperekeza anamwino kugalimoto ndinabwerera kudzera kukhitchini, ndikupukusa chipale kumapazi, wokonzeka kukumbutsa za msuzi wanga. Ababa anali atakhala patebulo okha, chitseko cha kuchipinda chochezera atachikankha kuti chitsekeke. Patsogolo pawo panali pepala lokwinyika limene ankaliwongola ndi chikhatho. Linali loyamba lija, la muvi waukulu, lopanda Amayi. Anali atalitola m'dengu.

Ndinawauza kuti alitaye, n'lolakwika, lingawasokoneze.

“Silolakwika,” anatero motsitsa mawu. “Langofika msanga. Lidzakhalapo tsiku limene ndidzafunsa za singano, chala osakwera. Tsiku limenelo ndidzazungulira ndekha, ndikagwade mbali yawoyo, ndikaone ndi diso langa labwinoli. Pamenepo kagudumu kadzakhala kumanja, monga unajambulira.”

Chisoni chinandigwira, osati chifukwa sindinkadziwa kuti tsikulo lidzafika, koma chifukwa iwo anali atalikonzekera kale, mwakachetechete, pamene ine ndinali kulimbana ndi mivi. Anandikankhira cholembera n'kundikumbutsa mawu anga omwe, kuti chofunika kwambiri chimayamba pamwamba. Anafuna nambala ya ambulansi, m'zilembo zazikulu, pamwamba pa mzere woyamba.

Ndinalemba. Nambala imodzi inapendekeka, koma inkawerengeka. Ababa analiyang'ana ali patali, analibweretsa pafupi, anagwedeza mutu. Kuchipinda Amayi anaitana kufunsa chimene tikunong'onezana awirife, ndiponso ngati pali amene waganiza zosenda bitiruti. Ababa anayankha kuti akubwera, abwana. Anapinda pepala lija kanayi n'kuliika m'thumba la malaya, kuseri kwa magalasi awo, ndipo ine ndinatenga mpeni n'kuyamba kusenda.